Kukaona mbalame ku Welney mu Januwale: n'koyenera kapena n'kungodzipha ndi chisanu?

NaBanda_Pboro
Abale anga ndithandizeni nzeru. Mayi wina wachikulire amene ndimagwira naye ntchito, Mngelezi, wakhala akundiumiriza kuti Loweruka likubwerali ndipite naye ku Welney, dambo la ku Norfolk kuno ku England, tikaone mbalame. Akuti tinyamuke masana, tikakhaleko mpaka kude. Januwale yemwe uno, dzuwa likumalowa cha m'ma 4 koloko, mphepo ikumaluma mpaka m'mafupa. Ine ndimayesa zoonera mbalame n'za nthawi yotentha. Alipo amene anapitako? N'koyenera kuti ndiphere tsiku langa lopuma? Ndili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 5, ndipo ndilibe pokawasiya.

Kamba_wa_Luton
Kulipira pakhomo kuti mukaone abakha? Achemwali bwerani kuno, ndili nawo awiri mufiriji, kuona n'kwaulere.

Mlonda_wa_Usiku
Ine tsiku lopuma ndimalipatsa ulemu wake. Bulangete, tiyi, basi. Mbalame zidziona zokha.

Nkhwazi77
A NaBanda, pitani. Musamvere anyamata awa. Ndipo mayiyo wakusankhirani nthawi yeniyeni, chifukwa ku Welney nyengo yozizira ndiye mwini wake wa malowo. Mukapita mu Julaye mupeza msipu, ng'ombe zikudya, ndi mbalame zapatalipatali. Mukapita pano mupeza madzi okhaokha mpaka kumene maso alekezera, ndipo pamadzipo pali mbalame zikwizikwi.

Chifukwa chake n'chakuti chisanu chimene ife tikulira nachochi, kwa mbalame zimenezi ndi kotentha. Ma swan, zimbalame zoyera za m'madzi za khosi lalitali, a mtundu wa whooper amaswa ku Iceland, ndiye kukayamba kuuma madzi kumeneko amauluka kudutsa nyanja, amafika kuno cha mu Okutobala, n'kubwerera mu Malichi. Ena aang'ono, a mtundu wa Bewick, amachokera kutali kwambiri, kumpoto kwenikweni kwa Russia, ulendo wa makilomita oposa 3,000. Akuluakulu amabwera ndi ana awo amene anaswa chaka chomwecho. Anawo mudzawadziwa chifukwa sanayere, ndi otuwa ngati phulusa, ndipo amakhala pambali pa makolo awo nyengo yonseyi.

Za kukhala mpaka kude, pali chifukwa. Masana ma swan ambiri amakhala ali kuminda ya mozungulira, kutolera mbatatesi zotsalira ndi zinyenyeswa za sugar beet, mbewu yopangira shuga, alimi akakolola. Kukamada amabwerera pamadzi kudzagona, poti nkhandwe siingawapeze pamenepo. Ndiye amabwera magulumagulu, akulira, n'kumatera patsogolo panu penipeni. Kulirako ndiye simungakuiwale, kuli ngati malipenga ambiri oimbidwa mosagwirizana.

NaBanda_Pboro
Koma tikhala panja nthawi yonseyo? Wamng'onoyu akangozizidwa amayamba chifuwa.

Nkhwazi77
Ayi. Mukachoka polandirira alendo mumawoloka mlatho, n'kulowa m'nyumba yaikulu yoonera, ya mawindo agalasi, yotenthetsedwa bwinobwino. Muli mipando. Nthawi yodyetsa ikakwana wogwira ntchito amalowa m'madzi ndi wilibala ya tirigu n'kumamwaza, wina akufotokoza. Masiku ena madzulo amayatsa magetsi owalira pamadzi. Onani kaye nthawi zake pa intaneti musananyamuke poti zimasintha. Tinyumba tina tobisalira tapatali ndiye n'tozizira zedi, koma madzi akachuluka njira zopita kumeneko zimamira, amangotsegula nyumba yaikuluyo.

Dalaivala_Wisbech
Chenjezo limodzi kuchokera kwa munthu amene amadya za pamsewu. Msewu wa A1101 pomwe umadutsa dambolo pa Welney umamira nthawi ino, ndipo umatha kukhala wotseka masabata. Foni imakuuzabe kuti pita kutsogolo. Ndaonapo galimoto itaima pakati pa madzi, mwini wake atakwera pamwamba akuimba foni. Inu mukuchokera ku Peterborough, ndiye malo oonerawo ali tsidya linalo. Ngati patseka muyenera kuzungulira, cha ku Downham Market kapena ku Ely. Onjezani nthawi. Ndipo misewu ya kumeneko ndi yopapatiza, mbali zonse ngalande zakuya, usiku kulibe magetsi. Yendani pang'onopang'ono.

Mlonda_wa_Usiku
Mwamva? Ngakhale msewu ukukana.

Nkhwazi77
Kumirako si ngozi achimwene, malowo anapangidwira zomwezo. Dera lonselo kale linali dambo losatha. M'zaka za m'ma 1600 anabweretsa katswiri wa ku Holland, Cornelius Vermuyden, amene anakumbitsa mitsinje iwiri yoongoka moyandikana, Old Bedford ndi New Bedford, kuchokera ku Earith mpaka ku Denver, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Pakati pake anasiya mpata. Mtsinje wa Great Ouse ukadzaza amatsegulira madzi mumpatamo kuti minda ndi midzi zisamire. Ndiwo amatcha Ouse Washes. Mbalame zinangopezapo mwayi. Ndiye mukamva dalaivala akutukwana kuti msewu wamira, dziwani kuti abakha akusangalala.

Dalaivala_Wisbech
Abakhawo sandilipirira dizilo wozungulira.

Gogo_Leicester
Mwana wanga NaBanda, ine za mbalame sindizidziwa, koma za ana ndi chisanu ndikuzidziwa. Musawaveke chijasi chimodzi chachikulu basi. Avale zopyapyala zingapo mkati, kenako juzi, kenako jasi losalowa mphepo. Masokosi awiriawiri koma nsapato isathine, phazi likathinana ndi pomwe limazizira msanga. Chipewa chofika m'makutu, magolovesi. Mutenge fulasiki ya phala kapena tiyi wamkaka, ndi mandasi. Mwana wokhuta salira chisanu.

Komanso ndinene ichi poti ndakhalitsa kuno. Miyezi imeneyi ndi imene anthu athu amadzitsekera m'nyumba, kuntchito mumdima, kubwerako mumdima, kenako munthu amayamba kungokhala duu osadziwa chikumuvuta. Mzungu akakuitanani kuti tiyeni panja, wakufunirani zabwino. Ambiri a iwo satero.

AnaJere_Jozi
Agogo mwanena zoona. Ine chaka changa choyamba kuno ndinkaseka anthu akamati Johannesburg imazizira, mpaka Juni atandipeza.

Kamba_wa_Luton
Funso langa ndi limodzi, ndipo ndikufunsira anthu ambiri amene akuchita manyazi. Chimbalame cha makilogalamu 10 chimenecho, chimakoma bwanji?

Gogo_Leicester
Iwe Kamba, udzatichititsa manyazi dziko la eni.

Nkhwazi77
Hahaha a Kamba, musayese dala. Lamulo la mu 1981 limateteza mbalame zam'tchire kuno, ndipo swan simungamukhudze. Pamwamba pa apo, ma swan wamba aja a mlomo wofiirira amene mumawaona m'mapaki, mwa mwambo wakale amene alibe chizindikiro ndi a Mfumu. Mpaka pano chaka chilichonse mu Julaye amawawerenga pa mtsinje wa Thames.

Kamba_wa_Luton
Ndiye kuti Mfumuyo inadzisungira ndiwo. Ndamva.

MphunzitsiWopuma
Ndakhala ndikuwerenga ndili pakhonde kuno ku Zomba, mvula ikugwa. A Kamba akuseka koma sanaphonye kwambiri. Angelezi akale ankadya mbalame zimenezi kwabasi. Zinalembedwa kuti mu 1465, paphwando lolonga Arkibishopu wa ku York, anakonza ma swan 400 ndi ma crane (mbalame zazikulu za miyendo italiitali) 204, osawerengera zina. Ma crane anatheratu m'dzikomo zaka pafupifupi 400 zapitazo chifukwa cha kusaka ndi kuumitsa madambo. Anadzabwerera okha ochepa ku Norfolk mu 1979, ndipo pakati pa 2010 ndi 2014 anachita kulera ena pamanja ku Slimbridge n'kukawamasula ku Somerset. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti kukonda mbalame ndi maso okha n'chibadwa cha azungu. Anayamba adya, zitatha m'pamene anadzidzimuka.

Mwana_wa_Kachulu
Zikomo aphunzitsi. Ndimadikira kuti wina anene zimenezi ndisanalowemo, chifukwa nkhani za mbalame zikayamba pagulu ngati lino zimathera pa ife a ku Chilwa, kuti ndife owononga.

Mlonda_wa_Usiku
Nanga si zoona? Ine ndinakulira ku Jali, mbalame zokazinga zinkadzaza malichero pamsika.

Mwana_wa_Kachulu
Zinkadzaza, ndipo mwina munagulako. Koma funsani kuti zimachuluka liti. Nyanja ya Chilwa ilibe potulukira madzi, ndi yosaya, imadalira Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inauma mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato. Msodzi amene amadalira matemba ndi milamba, nyanja ikauma adyetse chiyani ana? Amalowa mu njedza kukatchera misampha. Bambo anga ankatero. Ankapota tizingwe tambirimbiri, n'kutimangirira pa chingwe chimodzi chachitali, n'kuyala pomwe mbalame zimadutsa pokadya. M'mawa ankabwerako ndi thumba, zina timadya, zina amayi ankakagulitsa kuti tigule ufa. Sindingawatche owononga.

Chimene chinasintha n'chakuti anthu tachuluka ndipo ena anayamba kusaka chaka chonse, ngakhale nthawi yoswa, kutola ndi mazira omwe. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 kunakhazikitsidwa makalabu a alenje a mbalame mothandizidwa ndi a WESM, bungwe loteteza zachilengedwe ku Malawi, kuti alenje okhaokha azigwirizana malo osasakako ndi miyezi yopumitsa. Pena zimayenda, pena njala imaposa lamulo.

Nkhwazi77
A Kachulu, apa palibe wotsutsa. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti Chilwa ndi Ouse Washes zili pa mndandanda umodzi, wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, umene unasainidwa ku Iran mu 1971. Chilwa ndiye anali malo oyamba a Malawi kulowamo, Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje inalowa mu 2017. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Welney palibe amene chakudya chake chamadzulo chikudalira bakhayo.

Mwana_wa_Kachulu
Ndi pomwepo. Mndandanda ndi umodzi, mimba n'zosiyana.

ChipataBoy
Inu a Malawi mukukangana za abakha, ise ku Zambia tili na shoebill ku Bangweulu. Anthu amakwera ndeke kuchoka ku Japan kubwera kuona chinyoni chimodzi chabe, chongoimirira osagwedezeka. Ndipo asodzi a kumeneko ena amalipidwa kulonda zisa zake kuti anthu asabe ana.

Kamba_wa_Luton
Ntchito imeneyo ndiye ndingaifune. Kulonda chisa, malipiro pamwezi.

Mlonda_wa_Usiku
Ulonda suli choncho iwe, funsa ine.

NaBanda_Pboro
Abale mwandisiya m'njira, mwafika ku Bangweulu. Ine ndikadali pa Loweruka. A Nkhwazi, mwana wanga wamkulu ndi wa mafunso, akandifunsa kuti iyi ndi mbalame yanji ndidzayankha chiyani? Sindikufuna kungoti bakha, bakha, bakha.

Nkhwazi77
Yambani ndi ma swan, poti ndi atatu okha ndipo chinsinsi chili pamlomo. Wa mlomo wofiirira wokhala ndi chotupa chakuda pamwamba, khosi lopindika, ndi wa konkuno, sapita kulikonse. Whooper ndi wamkulu chimodzimodzi koma khosi amaliimika chilili, ndipo chikasu cha pamlomo pake chimatsetsereka mosongoka mpaka kupitirira mphuno. Bewick ndi wocheperapo, khosi lalifupi, chikasu chake n'chaching'ono chozungulira, mbali yaikulu ya mlomo ndi yakuda. Mwana wa zaka 9 azigwira zimenezi msanga kuposa inu, mudzaona.

Mumuuzenso ichi. Kalembedwe ka chikasu ndi chakuda pamlomo wa Bewick n'kosiyana pa mbalame iliyonse. Peter Scott, amene anayambitsa bungwe loteteza mbalame za m'madambo la WWT, eni malo a ku Welneywo, ku Slimbridge mu 1946, ndi amene anayamba kujambula milomo imeneyi pamanja mu 1964, n'kumapatsa mbalame iliyonse dzina. Ntchitoyo ikupitirirabe mpaka lero. Ndi mmene anadziwira kuti mbalame zomwezomwezo zimabwerera malo omwewo chaka ndi chaka, kuti zambiri zimakhala ndi mnzake mmodzi mpaka imfa, ndiponso kuti mabanja akuluakulu ndi amene amalanda malo abwino odyera. Scott yemweyu ndi mwana wa Captain Scott uja anafera ku Antarctica mu 1912.

Kenako abakha. Amene adzadzaze patsogolo pa galasi nthawi ya tirigu, a mutu wofiira, chifuwa chakuda, msana wotuwa, diso lofiira, ndi ma pochard. Amamira n'kutulukira pena. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti pafupifupi onse ndi amuna, akazi ambiri amapitirira kumwera, ku France ndi ku Spain. Amene amaimba mluzu, a kamzere kachikasu pachipumi, amene amadya udzu m'mphepete mwa madzi, ndi ma wigeon. Wa mchira wautali wosongoka ndi pintail. Wa mlomo waukulu wophwatalala ndi shoveler. Kakang'ono kwambiri kokhala ndi chobiriwira padiso ndi teal. Mukaona zonse zadzambatuka nthawi imodzi popanda chifukwa, musayang'ane izo, yang'anani kumwamba kapena pamwamba pa bango, pali kabawi wa m'dambo akudutsa.

Kamba_wa_Luton
Akazi apita ku Spain kukaothera dzuwa, amuna atsala pa chisanu. Ngakhale kwa abakha zinthu ndi zomwezi.

AnaJere_Jozi
Akaziwo ndi anzeru, ndi zokhazo.

Mlonda_wa_Usiku
Koma ndifunse mosaseka. Ngati akuzipatsa tirigu pa wilibala, magetsi akuyaka, inu muli pampando wofunda kuseri kwa galasi, zikusiyana pati ndi kumalo osungira nyama? Mbalame yodikira wilibala ndi nkhuku basi.

Nkhwazi77
Funso labwino, ndipo ngakhale pakati pa okonda mbalame eniake ena amanyoza zimenezi. Ine ndimaona chonchi. Tirigu amene amamwazayo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mbalame zimene zili m'dambomo. Zochuluka sizibwera n'komwe pafupi, zimadya kuminda. Zobwerazo palibe anazidula mapiko, Malichi akafika zimanyamuka osatsanzika. Wilibalayo ntchito yake n'kukokera zochepa pafupi kuti mwana wa a NaBanda aone mlomo ndi maso ake, komanso kuti ogwira ntchito awerenge manambala a mphete za kumiyendo. Amene akufuna zovuta apite mbandakucha akaime pamtunda wa mtsinje, aone zikunyamuka kupita kuminda. N'zokongola kuposa, koma zala zimafa.

Mlonda_wa_Usiku
Sindinakhutire kwenikweni koma ndamva.

Dalaivala_Wisbech
Za kuminda ndikuvomereza. M'mawa ndikamadutsa cha ku Manea ndi Christchurch ndimaona munda wakuda bii utayera mbali imodzi, poyamba ndinkayesa mapepala apulasitiki. Ndi ma swan, mazanamazana. Alimi ena sasangalala nawo akalowa m'munda wa tirigu wongomera kumene.

MphunzitsiWopuma
A Nkhwazi, ndinamva kuti a Bewick akuchepa. N'chiyani chikuwatha?

Nkhwazi77
Zinthu ziwiri zikuchitika pamodzi aphunzitsi. Choyamba, chiwerengero chawo ku Ulaya konse chatsika kuchokera pakati pa zaka za m'ma 1990. Amawombedwa m'njira ngakhale ndi otetezedwa m'maiko onse amene amadutsa, ndipo a WWT atawaunika ndi X-ray anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ali ndi zipolopolo m'thupi, akuuluka nazo. Ena amameza timachaka ta mtovu totsalira m'matope poyesa timiyala, n'kufa pang'onopang'ono. Ena amagunda mawaya amagetsi, poti mbalame yolemera chonchija siingakhote mwadzidzidzi. Mu 2016 mayi wina, Sacha Dench, anauluka ndi kamakina konyamula kumsana kutsatira njira yawo kuchokera ku Russia mpaka ku Slimbridge kuti akambirane ndi alenje ndi ana asukulu m'njiramo.

Chachiwiri, amene alipowo ambiri sakufikanso kuno. Nyengo yozizira ikufunda, ndiye akafika ku Germany kapena ku Holland n'kupeza madzi sanaume, amangokhala konko. Awolokerenji nyanja? Ndiye ku Welney masiku ano mudzaona a whooper ambirimbiri, amene akuchuluka, koma Bewick muyenera kumufunafuna. Mukamuona a NaBanda, mwapata.

AnaJere_Jozi
Kwa amene muli kuno ku Gauteng ndipo mwayamba kusirira, tili ndi Marievale pafupi ndi Nigel, pa mtsinje wa Blesbokspruit, nawonso ndi malo a Ramsar. Pali tinyumba tobisalira, ndipo malo ambiri mumaonera muli m'galimoto. Koma kuno zimatembenuka. Nthawi yathu yozizira, Juni ndi Julaye, alendo a ku Ulaya amakhala atapita, mumaona za konkuno, abakha, atsekwe, akakowa, nthawi zina ma flamingo. Ubwino wake udzu umakhala utauma, mumaona patali. Alendo ndi a pano, Novembala mpaka Malichi.

MphunzitsiWopuma
Ndi momwemonso kwathu kuno. Pamene a NaBanda akukaona zothawa chisanu cha ku Iceland, ife tili ndi zothawa chisanu cha kwa a NaBandako. Anamzeze amene akundandalika pa mawaya panopa, ambiri aswa ku Ulaya ndi ku Asia. Adokowe oyera amene amatera m'minda mvula ikagwa, kudya ziwala ndi mbozi, ndi omwe aja amamanga zisa pamadenga ku Poland ndi ku Germany. Mu Disembala 1912 namzeze wina anagwidwa ku Natal ali ndi mphete imene anamuveka ku Staffordshire chaka cha 1911, ndipo m'pamene Angelezi anatsimikiza kumene anamzeze awo amapita. Ndinkawauza ana m'kalasi zimenezi kuti aganize kawiri asanakoke legeni. Ena ankamva, ena ankangobisa legeniyo m'kabudula.

Kamba_wa_Luton
Aphunzitsi, ine ndinali wa m'kabudula.

Gogo_Leicester
Sitinakayike.

NaBanda_Pboro
Za ma bainokula bwanji? Ndigule? Ndaona mitengo pa intaneti mpaka ndatseka foni.

Nkhwazi77
Musagule kaye. Mnzanuyo ali nawo, anthu amenewa sakhala ndi amodzi. Komanso m'nyumba yooneramo mumakhala anthu a matelesikopu amene amangodikira kuti wina awafunse. Mukangoti pepani, kodi icho n'chiyani, mwatsegula mpopi. Mukadzakonda ndiye mudzagule olembedwa 8x42, ogwiritsidwapo kale ntchito ali bwino. Nambala yoyambayo ndi kukuza, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo. Musanyengeke ndi okuza kwambiri, amanjenjemera m'manja ndipo mdima ukamayamba saonetsa kanthu. Pafoni ikani Merlin, ndi yaulere, imathandiza kuzindikira mbalame ndi chithunzi kapena kulira kwake.

Namwino_Salford
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Ndiwonjezere chimodzi chimene palibe wanena. Kuli chimfine cha mbalame. Anawo asatole nthenga, asakhudze mbalame yakufa kapena yooneka yodwala, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Mukaiona uzani ogwira ntchito. Asambe m'manja asanadye mandasi a agogowo. Si nkhani yaing'ono, nyengo yozizira ya 2021 mpaka 2022 matendawa anapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a atsekwe a ku Svalbard amene amabwera ku Solway, ku Scotland. Kwa anthu chiopsezo n'chochepa, koma mwana wa zaka 5 chilichonse chimathera kukamwa.

Kwa amene muli kumpoto kuno, simukuyenera kupita mpaka ku Norfolk. Martin Mere ili ku Lancashire, pafupi ndi Ormskirk, a whooper amafikanso kumeneko. Koma ine chimene chimandikoka ndi atsekwe a miyendo yapinki ochokera ku Iceland ndi Greenland. Mu Okutobala amadza zikwi makumimakumi, thambo lonse mizeremizere, phokoso lake mumalimva musanawaone.

Kamba_wa_Luton
Nanga ife a kufupi ndi London amene tilibe galimoto yodalirika?

Nkhwazi77
Ehe, a Kamba ayamba kufewa. London Wetland Centre ili ku Barnes, mumafika pa basi kuchokera ku Hammersmith kapena pa sitima. Anaitsegula mu 2000 pamalo pomwe panali madamu akale osungira madzi akumwa. Nthawi ino kumabwera bittern, mbalame yamanyazi yamtundu wa kakowa imene imaima mu bango mlomo uli m'mwamba, n'kusanduka bango lenilenilo. Mutha kuiyang'ana mphindi khumi osaiona, kenako yaphethira.

Kamba_wa_Luton
Sindinafewe, ndimafunsira mnzanga.

Mlonda_wa_Usiku
Mnzakoyo dzina lake Kamba.

AnaJere_Jozi
A Kachulu, ine mwandikhudza ndi nkhani ya bambo anu. Ndikubwera kumudzi pa Isitala, amuna anga ndi a ku Zomba. Munthu angathe kukaona mbalame ku Chilwa osati kukagula zokazinga? Madzi alipo?

Mwana_wa_Kachulu
Madzi anabwerera alamu, makamaka chidutsireni Freddy mu 2023, mpaka minda ina ya mpunga inamira. Pa Isitala msewu wa ku Kachulu umakhala ndi matope, bwerani ndi galimoto yokwera. Mufike m'mamawa, dzuwa likakwera mbalame zimalowa mu njedza ndipo mphepo imavundula nyanja. Padoko mupeza mabwato opita ku Chisi, koma a injini amathamangitsa chilichonse. Pezani wa bwato lopalasa ndi mponda, mugwirizane mtengo musanakwere, mumuuze kuti simukuthamangira kulikonse, akudutsitseni m'mphepete mwa njedza cha kumene kuli zimbowera za asodzi. Akakowa, avuwo, atsekwe, abakha oimba mluzu aja, nkhwazi, zonsezo muziona. Ndipo ngati mukufuna wokuuzani mbalame iliyonse ndi kumene imagona, funsani mlenje wa misampha. Mumulipire bwino kuposa mmene akanapezera pa thumba la tsiku limenelo. Kanyumba kotenthetsa kulibe, tengani chipewa cha dzuwa ndi mankhwala a udzudzu.